Khirisimasi yoyamba pa banja lanu mu Lilongwe: kodyera, zophika ndi zoyamba kuzolowera

Mkangano woyamba wa Khirisimasi m'banja latsopano suyambira pa mpunga kapena nkhuku ayi. Umayambira pa funso lakuti chaka chino tikadyera kuti. Kuchimuna akudikira, kuchikazi nakonso akudikira, ndipo mbali iliyonse ikuona ngati nkhaniyo ndi yodziwikiratu. Funso limeneli muliyankhe muli awiri, Novembala asanathe. Mukalisiya mpaka pa 20 Disembala mudzapeza kuti wina walonjeza kale mayi ake pa foni, ndipo kubweza mawu kwa kholo kumawawa kuposa kusalonjeza kumene.

Ngati makolo a mbali zonse ali mu Lilongwe momuno, mwina ena ku Area 25 ena ku Likuni, nkhani ndi yopepuka. Pa 25 ndi pa 26 Disembala onse ndi masiku atchuthi, choncho tsiku limodzi uku, lina uko, chaka chamawa n'kusinthanitsa. Musayese kuyendera makomo onse awiri tsiku limodzi. Mudzadya mothamanga koyamba, kwachiwiri n'kukafika mutakhuta, apongozi n'kumaona ngati mwanyoza chakudya chawo. Ngati kumudzi n'kutali, monga ku Kasungu, ku Ntcheu kapena ku Mchinji, ndi bwino Khirisimasi kudyera mbali imodzi, Nyuwere mbali inayo. Palinso njira imene mabanja achinyamata ambiri amachita nayo manyazi koma ife timaiona kuti ndi yabwino kwambiri: kudyera pakhomo panu, ngakhale ndi nyumba yalendi ya zipinda ziwiri, n'kuitana makolo ndi alamu kuti abwere. Mwambo wa banja lanu sungayambe ngati chaka chilichonse muli alendo kwa eni.

Zimene mwagwirizana, aliyense akauze makolo ake yekha, ndipo anene ngati zake. "Amayi, chaka chino Khirisimasi tikadyera kwa apongozi, koma pa Nyuwere tibwera kwanuko, tidzagona masiku awiri." Mawu oti "mpongozi wanu ndiye wakana" asatuluke pakamwa panu. Mawu amenewa makolo saiwala, ndipo mu Febuluwale mudzapezeka mukuitana ankhoswe pa nkhani imene inayambira pa mbale ya mpunga.

Ndalama

Malipiro a Disembala nthawi zambiri amabwera msanga, pomwe a Januwale amabwera pa nthawi yake. Pakati pamenepa pamatha kudutsa masabata 5 kapena 6. Mukangolandira, kaya ndi malipiro kaya ndi zogawana za banki mkhonde, yambani mwachotsa lendi ya Januwale, mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi, thiransipoti ya kuntchito, ufa ndi ndiwo za mwezi wonse, ndi fizi ngati pali m'bale amene mumamulipirira. Zimenezi zisakhale mu Airtel Money kapena Mpamba ya foni imene mukupita nayo kumsika. Zotsalazo ndiye za Khirisimasi, zichuluke zichepe. Katapila wa Khirisimasi musamuyandikire n'komwe.

Zopita kwa makolo zikhale zofanana mbali zonse, ndipo nonse muzidziwe. Shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi mpunga sizinakhumudwitsepo munthu kumudzi. Koma funsani kaye. Kumapeto kwa Disembala chimanga chimakhala chikufuna feteleza wobereketsa ndi aganyu opalira, ndipo makolo ambiri angakonde thandizo limenelo kuposa kireti ya zakumwa.

Zogula zouma monga mpunga, mafuta, shuga ndi makala mugule sabata yoyamba ya Disembala. Zovala za kaunjika ku Tsoka nazonso musadikire sabata yomaliza, pamene anthu amachita kupondana ndipo opisa m'matumba ali pa ntchito. Amene akufuna kusoketsa chitenje chofanana, nsalu ifike kwa telala Novembala asanathe. Mukapereka pa 15 Disembala, diresi mudzalivala mu Januwale.

Nkhuku, mpunga ndi thobwa

Nkhuku ya lokolo mugule yamoyo kutatsala masiku 7 mpaka 10, mitengo isanakwere. Iyang'aneni bwino: maso owala, lipombo lofiira, nthenga za kumbuyo zopanda zitosi zomata. Yosinza, yogwetsa mapiko kapena yopotoka khosi isiyeni ngakhale itchipe bwanji, chifukwa ikhoza kukhala ndi chitopa, ndipo ikafika pakhomo ipatsira nkhuku za aneba. Muisunge pouma, muziipatsa madeya ndi madzi. Nkhuku imodzi yaikulu, yoduladula nthuli 10 kapena 12, imakwanira akuluakulu 5 kapena 6.

Ya lokolo ndi yolimba. Iwiritseni ndi mchere m'madzi ongofika pamwamba pa nyama, moto wapakatikati, kwa ola limodzi kapena ola ndi theka, mpaka foloko izilowa pa ntchafu mosavuta. Msuzi wotsala muuthire m'kapu, musautaye. Kenako kazingani nyamayo m'mafuta mpaka ifiire, ikani anyezi 2, akafewa matimati 4, ndipo matimati akapsa bwezerani msuzi uja. Cholakwika chofala ndi kuyamba n'kukazinga isanawire: kunja imaoneka yakupsa, mkati ngati lamba. Nkhuku zoyera za m'mashopu n'zosiyana, mphindi 20 zakwana, mukapitirira zimayoyoka. Ngati pabwera apongozi aamuna kapena atsibweni, nthutumba ikhale m'mbale mwawo. Akuluakulu amaiyang'ana.

Mpunga wa Kilombero wa kilogalamu imodzi umakwanira anthu 6 kapena 7 akudya mokhuta. Upeteni, sankhani timiyala, tsukani kawiri. Pa kapu iliyonse ya mpunga, makapu 2 a madzi, ndipo madziwo ayambe awira ndi mchere ndi supuni ya mafuta musanathire mpunga. Madzi akatsika mpaka pamwamba pa mpunga kuoneka timaenje, phulani makala ambiri pa mbaula, vundikirani, ndipo makala ochepa muwaike pa chivundikiro. Mphindi 15 osavundukula, osatakasa. Kutakasatakasa ndi kumene kumasandutsa mpunga phala, ndipo moto wambiri pansi ndi umene umapsereza m'munsi pamwamba pali paliwisi. Musaiwale kansima pambali ndi nkhwani wotendera, popeza nyengo yake ndi ino. Alipo akuluakulu amene akadya mpunga wokha amati sanadye.

Thobwa amafuna masiku awiri, ndiye muyambe madzulo a pa 23. Pa malita 5 a madzi, phikani phala la makapu 3 a ufa wa mgaiwa, lipse bwino ngati la m'mawa. Liphuleni lizizire mpaka mutha kuviikamo chala chotsuka bwino n'kuwerenga mpaka 10 osapsa. Pamenepo thirani makapu 2 a chimera cha mawere kapena cha chimanga, n'kutakasa mpaka phala lisungunuke n'kukhala lamadzimadzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Phala likakhala lotentha kwambiri mphamvu ya chimera imafa, thobwa satsekemera ndipo amakhala wolimba. Likazizira kwambiri chimera chimagwira ntchito mwaulesi. Vundikirani ligone usiku wonse. M'mawa wa pa 24 muwiritsenso kwa mphindi 20 mpaka 30 uku mukutakasa kuti asagwire pansi, azizire, muthire mu ndowa yotsuka bwino ya chivundikiro. Shuga muzithira m'jagi yokhayo imene mukumwa, osati mu ndowa yonse, chifukwa ndi kutentha kwa Disembala thobwa wa shuga sachedwa kusasa. Akagona masiku atatu kapena anayi wopanda firiji amayamba kulowera ku mowa, ndipo ameneyo si wopatsanso ana.

Wopanda uvuni asadandaule za keke. Chigumu chimaphikika pa mbaula: makapu 2 a mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa, nthochi 4 zakupsa kwambiri zokanya, theka la kapu ya shuga, supuni yaing'ono imodzi ya soda, kamchere, masupuni aakulu 3 a mafuta, ndi mkaka kapena madzi okwanira kuti zikhale ngati phala lolimba. Pakani mafuta mu poto, thirani osadzaza, makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro, kwa mphindi 35 mpaka 45. Bayani ndi mpeni pakati, ukatuluka wouma chapsa. Soda akachuluka chimawawa ndipo chimada.

Madzi mutungiretu pa 24, ndowa zonse zidzaze, ndipo makala akhale pa thabwa kapena pa njerwa, osati pa simenti ya chinyezi. Magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse mvula ikamagwa ndi mphepo, choncho musadalire kuka yokha. Chinthu chimodzi chokha tikupemphani ndi mtima wonse: mvula ikakuthamangitsani panja, mbaula muiike pakhonde kapena pakhomo lotsegula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tulukani nonse msanga.

Tsiku lenilenilo

Ntchito muigawane usiku wa pa 24. Si bwino mayi wa pakhomo kudzuka 4 koloko, kuphika mpaka masana, kutsuka mbale mpaka madzulo, bambo ali pa mpando ndi alendo. Kupha ndi kusosola nkhuku, kuyatsa mbaula, kutunga madzi ndi kutsuka mapoto bambo angathe bwinobwino. Nkhuku iwire musanapite ku tchalitchi, pobwera n'kungokazinga ndi kuphika mpunga, kuti pofika 1 koloko anthu akhale akusamba m'manja. Akatolika amene amapita ku Misa ya usiku, ku Maula kapena ku parishi ya kwawo, akonzeretu za kabweredwe, popeza maminibasi usiku amasowa ndipo kabaza pa msewu wa matope si wodalirika. Ngati mumapemphera mipingo yosiyana, gwirizanani kuti tsiku limeneli mupite limodzi kumodzi.

Musanadye, mmodzi awerenge Luka 2:1-20, winayo apemphere, chaka chamawa n'kusinthana. Zimatenga mphindi 5 zokha, koma ndi zimene ana anu adzakule akuzidziwa ngati chiyambi cha chakudya cha Khirisimasi kwawo. Pophika onjezerani mbale za anthu awiri, chifukwa mu Lilongwe tsiku limeneli mlendo sachita kuitanidwa. Ana a aneba adzabwera ndi "Khirisimasi bokosi" yawo. Paketi imodzi ya maswiti ndi mango odzaza beseni zimathetsa nkhaniyo popanda kutulutsa ndalama. Mbale imodzi ipite kwa munthu amene mukudziwa kuti ali yekha, kaya ndi agogo a kuseri, mlonda amene ali pa ntchito, kapena mnzanu amene akudikirira wodwala ku Kamuzu Central.

Mpunga ndi nkhuku zotsala zisagone pa tebulo. Ngati palibe firiji, gawirani anthu anyamule, ndipo ndiwo zotsala muziwiritsenso madzulo komanso m'mawa musanadye.

Madzulo mvula ikatseka, bawo, makhadi kapena kuonetsana zithunzi za paukwati zimakwanira. Mphatso ya pakati pa inu awiri ikhale ndi malire a mtengo amene mwagwirizana, kuti wina asabwere ndi foni pamene mnzake wagula mpango.

Pa 26, ngati simukupita kwa makolo, tsikulo likhale la awiri. Ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre, kuli tinjira toyenda m'nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo polowa pamakhala kolipira. Pitani m'mawa, chifukwa mvula ya Disembala imakonda masana, ndipo valani nsapato zosaterera. Kunyanja ku Senga Bay n'kosangalatsa, koma Salima ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, masiku amenewa kumadzaza, ndipo madzulo pamsewu pamakhala madalaivala amene amwa. Mukapita, nyamukani m'mamawa, bwererani dzuwa lisanalowe, ndipo amene walawa mowa asalowe m'madzi kapena kugwira chiwongolero. Mukakagona kumudzi kapena kunyanja nyamulani neti yanu, makamaka ngati mayi ali oyembekezera. Malungo a nyengo ino si ocheza nawo.

Mtengo wa Khirisimasi

Wapulasitiki wa m'sitolo si wofunika. Nthambi youma ya mphanda zambiri, yozika m'chitini cha mchenga, n'kuimangirira tizidutswa ta zitenje topempha kwa telala ndi mapepala a mitundu, imakongoletsa pabalaza mokwanira. Kandulo isayandikire pamenepo.

Koma mtengo umene tingakonde banja lililonse latsopano litauyamba ndi wamoyo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pakati pa Disembala, nthaka itanyowa, ndiye Khirisimasi imagwera pa nthawi yake yeniyeni. Gulani mbande imodzi ya mango kapena peyala yolumikiza, imene imayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe, kutali ndi khoma ndi chimbudzi ndi mamita osachepera 5. Dothi la pamwamba musakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana, ndipo limenelo ndilo liyambe kulowa m'dzenje. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndi kuitana chiswe. Chotsani pulasitiki, dzalani mosakwirira polumikizira paja, tsenderani dothi, ndipo tchingirani ndi minga kapena njerwa chifukwa cha mbuzi. Jambulitsani pambali pake chaka chilichonse pa tsiku lomwelo. Amene muli pa lendi dzalani kumudzi kapena pa puloti ngati mwagula, apo ayi ikani mandimu m'ndowa yaikulu yoboola pansi, imene mudzasamuke nayo. Mvula ikasiya mu Epulo, mtengowo uzilandira ndowa imodzi ya madzi kawiri pa sabata mpaka mvula ina itagwa.