Chingwe, mbale ndi supuni: kutsatira ndondomeko ya boma yopewa kunenepa mopyola muyeso

Kwa zaka zambiri uthenga wa alangizi a zaumoyo m'Malawi muno unali wakuti mwana adye mokwanira kuti asanyentchere, ndipo uthengawo ukadali wofunika, popeza kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopyola muyeso, makamaka a m'matauni. N'chifukwa chake ndondomeko ya boma ya kadyedwe koyenera ya 2018 mpaka 2022 inaika kupewa kunenepa ndi matenda obwera nako, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, pakati pa ntchito zake zikuluzikulu. Ndondomeko imalembedwa ku Lilongwe, koma imagwira ntchito pokhapokha yafika pa mafuwa ndi m'mbale.

Chovuta choyamba ndi maganizo athu. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zake zikuyenda, mkazi akanenepa pabanja timayamikira mwamuna kuti akusamala, ndipo chibwerere Edzi anthu ambiri amaopa kuonda poganiza kuti anzawo ayamba kunong'onezana. Mlangizi amene amafika pakhomo n'kuyamba kudzudzula thupi la mwini nyumba amabwerera chimanjamanja, choncho nzeru ndi kuyamba ndi muyeso, kuti munthu adzionere yekha.

Ku chipatala amagwiritsa ntchito BMI, kutanthauza makilogalamu a munthu ogawidwa ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Mwachitsanzo, mayi wolemera makilogalamu 80 wa msinkhu wa mamita 1.6 ali ndi BMI ya 31, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 25 munthu walemera kwambiri, pamene kuyambira 30 wanenepa mopyola muyeso. Kumudzi kumene kulibe sikelo, chingwe chimakwanira. Yezani msinkhu wanu ndi chingwe kuyambira kuphazi mpaka pamwamba pa mutu, chipindeni pakati, kenako muchizungulitse pamimba, pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya mosakakamiza. Ngati nsonga zake sizikukumana, ndiye kuti mimba yanu yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo mafuta a pamimba amenewa ndi amene amaputa shuga ndi matenda a mtima kuposa a m'ntchafu. Njirayi si ya amayi oyembekezera kapena ana aang'ono, amene ali ndi miyeso yawoyawo ku sikelo.

Pa za mbale, boma silinabweretse chiphunzitso chachilendo, koma magulu asanu ndi limodzi omwe aja: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zochokera ku nyama ndi zamafuta. Vuto ndi lakuti m'mbale zambiri gulu limodzi lalanda malo a anzake, mitanda itatu kapena inayi ya nsima ya ufa woyera n'kandiwo kongonyambita. Chotsani mtanda umodzi, ndipo malo akewo mudzaze nkhwani, bonongwe, chisoso kapena mpiru, pamodzi ndi nyemba, nandolo kapena usipa. Mgaiwa, umene ena amaunyoza kuti ndi wa anthu osauka, umakhalitsa m'mimba. Mafuta ophikira aziyezedwa ndi supuni, osati kuthira kuchokera m'botolo, ndipo tchipisi cha pachiwaya, mandasi ndi kanyenya zikhale za apo ndi apo.

Shuga ndiye amalowa m'thupi mwakachetechete. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, koma botolo limodzi la theka la lita la chakumwa chozizira chotsekemera limatha kumaliza muyeso wonsewo, tisanawerenge masupuni atatu a mu tiyi ndi a mu thobwa. Maboma ena anaona kuti kulangiza kokha sikukwanira: Mexico inaika msonkho pa zakumwa zimenezi mu 2014, ndipo South Africa ndi Britain anachita chimodzimodzi mu April 2018, zomwe zinachititsa makampani ambiri kuchepetsa shuga m'zakumwa zawo. Ena amadzitonthoza kuti shuga wa m'Malawi ali ndi vitamini A, zomwe n'zoona, koma vitaminiyo anaikidwamo kuti athandize pa shuga wochepa amene anthu amadya kale, ndipo amapezekanso m'mango, papaya, maungu ndi mbatata yofiira m'kati.

Thupi likufunanso ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Wogwira khasu ndi wotunga madzi amakwanitsa kale, koma wokhala mu ofesi kapena pa okala tsiku lonse, amene amakwera kabaza ngakhale pa mtunda waufupi, ayenera kuyenda mofulumira theka la ola masiku asanu pa sabata.

Amene chingwe chakana kukumana apite ku chipatala kukayezetsa BP ndi shuga ngakhale sakumva kupweteka kulikonse, chifukwa matendawa amayamba osaonetsa zizindikiro. Asathamangire matiyi ndi mapilitsi oondetsa ogulitsidwa pa Facebook ndi m'misika, amene ambiri amangotsegula m'mimba n'kuchotsa madzi m'thupi. Kutsitsa makilogalamu 4 mpaka 8 pang'onopang'ono, kwa munthu wolemera makilogalamu 80, kumathandiza kale kutsitsa BP ndi shuga. Koma amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin asachepetse chakudya kapena kudumpha nthawi yodyera asanakambirane ndi dokotala, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka.