Musakazulitse dzino buku la kuchipatala mutalisiya kunyumba

Nyengo ya nzimbe ino ndaona chinthu chondidetsa nkhawa m'midzi ya kuno ku Zomba. Munthu akulandira dripi ya zoledronic acid chifukwa khansa ya m'mawere kapena ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo) inalowa m'mafupa, dzino lamuthyokera pa nzimbe, iye ulendo kukalizulitsa. Buku la kuchipatala latsala pansi pa mphasa. Wozula sanafunse, mwini dzino sananene.

Mankhwalawa, pamodzi ndi mapiritsi a alendronate ndi jakisoni wa denosumab, amalimbitsa mafupa pogoneka timaselo timene timagumula fupa lakale kuti latsopano limere. Msana ndi chiuno zimapindula. Koma pamene pazulidwa dzino, nsagwada imafunika kudzikonza msanga, pomwe timaselo tija tili mtulo. Mwa anthu ena dzenje silitsekeka, fupa limakhala pamtunda, kenako limafa. Dokotala wa ku Miami ku America, Robert Marx, analemba za vutoli mu 2003. Kawirikawiri vutoli limagwira nsagwada ya m'munsi, ndipo a dripi ya khansa ndiwo ali pachiopsezo kuposa omwa mapiritsi.

Bambo ena olima mpunga cha ku nyanja ya Chilwa ndinawapeza atamanga nsalu kuchibwano. Ndinawafunsa chifukwa chomwe sanatchulire za dripiyo pokazulitsa dzino. Iwo amvekere, "Alangizi, imeneyo ndinamaliza chaka chatha, ndikananenanso chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, dripi inatha, koma mankhwala ake amakhala m'fupa zaka zambiri." Apo n'kuti atatha miyezi iwiri akungochukucha madzi a mchere, mafinya akutuluka, nsima yawakanika, akungodalira phala. Mpunga unakololedwa mochedwa, mbalame zitadya kale, ndipo ndalama yochepa yomwe anapeza inathera pa maulendo a kuchipatala.

Chizolowezi choti dzino likangowawa ndiye lizulidwe chatikwana. Enanso mukupitabe kwa ozula a m'mudzi opanda maphunziro! Mano ena amatheka kumatidwa, osazula.

Tsono musasiye mankhwalawo panokha, akuteteza mafupa anu. Musanayambe dripi, kaonetseni mano kwa a zamano ku Zomba Central Hospital, ofunika kuzula azuliretu. Buku lija muzilinyamula, dzina la mankhwala muzilitchula. Madokotala amatsimikiza vutoli fupa likakhala poonekera masabata opitirira 8, koma inu musadikire: nkhama zikatupa, mlomo ukachita dzanzi kapena mano oikirira akamakupwetekani, pitani. Tsukani mano, ndipo fodya musiye.