Mmene ndinathetsera vuto la l ndi r m'kalasi mwanga

Ndimaphunzitsa Chingerezi madzulo kwa akuluakulu, ambiri amayi ochita geni pamsika. Kwa miyezi iwiri ndinkalimbana nawo pa mawu monga pray ndi play, rice ndi lice. Ndinkawauza kuti abwereze pambuyo panga, iwo n'kubwereza mokhulupirika, koma osasintha. Mayi wina wachikulire anafika posiya kuyankhula m'kalasi chifukwa cha manyazi, ndipo zinandipweteka mtima.

Kenako ndinazindikira kuti vuto linali m'khutu osati pakamwa. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Timalemba r pambuyo pa i ndi e, monga m'mawu akuti bwera, koma ukati bwela aliyense amamvabe.

Choncho ndinasiya kuwakakamiza kutchula. Aliyense ndinamupatsa timapepala tiwiri, kena kolembedwa L, kena R. Ine ndimatchula liwu, iwo amakweza kapepala, kwa mphindi 10 tsiku lililonse. Khutu litazolowera, tinabweretsa kagalasi: pa l nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumwamba, pa r siigunda paliponse.

Sabata yatha mayi aja anaimirira okha n'kuwerenga chiganizo chonse mokweza.