Musanatsegule laputopu, kaonereni bawo

Anzanga amene mwangoyamba maphunziro a kompyuta kuno ku Mzuni, yesani izi: tsiku lina madzulo kaimeni pomwe madala akusewera bawo ku Luwinga, muli ndi kope ndi pensulo.

Bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje 8. Wosewera aliyense ali ndi maenje 16, ndipo timiyala timayenda mozungulira, kamodzi dzenje lililonse. Lembani malamulo ake m'Chichewa kaye, sitepe ndi sitepe, ngati mukufotokozera mwana. Apa mpamene mudzaone kuti zambiri timangozichita ndi manja osaziganizira. Mwala womaliza ukagwera m'dzenje lopanda kanthu, chimachitika n'chiyani? Nanga ukagwera momwe muli ina? Mukayankha mafunso amenewa, ndiye kuti if ndi while zanu (malamulo a mu pulogalamu osankha chochita ndi obwereza) mwazipeza kale.

Kenako pitani pa Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Maenje a munthu mmodzi akhale list (mndandanda) ya manambala 16, ndipo kuti kuzungulira kubwerere poyambira, gwiritsani ntchito % 16, yomwe ndi modulo: imapereka chotsala mukagawa nambala ndi 16. Ine modulo ndinaimvetsa pamenepa, m'kalasi inkangondidutsa.

Pulogalamu ikayenda, isokonezeni dala. Sinthani lamulo limodzi, chepetsani maenje, pangani masewera anuanu, mnzanu wa m'chipinda asewere mpaka apeze pomwe yafooka. Kukopera code pa intaneti sikungakupatseni zimenezi.

Ndipo Python mukaiika kamodzi, siifunanso bandulo. Magetsi akathima, pitirizani pa kope.