Dzino lobzala m'fupa si la aliyense, yambani mwaona izi

Anthu ambiri masiku ano akumafunsa za ma implant, mano oikirira aja osachotsa usiku. Mmene zimakhalira ndi chonchi, dokotala wa mano amaboola fupa la nsagwada nkulowetsamo kachitsulo ka titanium kooneka ngati sikuluwu, pakapita miyezi 3 mpaka 6 fupa lija limakagwira zolimba ndiye pamwamba pake amavekapo dzino. Anayambitsa zimenezi ndi dokotala wina dzina lake Brånemark wa ku Sweden, yemwe anaona kuti titanium yomwe anaika m'fupa la kalulu yakanirira osatheka kuchotsa, ndipo munthu woyamba anamuika mano otere mu 1965.

Koma abale anga, ndalama zokha sizikwanira apa. Mzati wa khola suima pa nthaka yofumbutuka, ndiye choyamba chomwe dokotala ayang'ane ndi fupa lanu. Dzino likazulidwa fupa la pamalopo limayamba kuphwa, kwambiri m'miyezi yoyambirira, chifukwa palibenso choligwiritsa ntchito, moti amene anazulitsa dzino zaka 10 zapitazo mwina fupa lake latsala lopyapyala ngati mpeni. Nchifukwa chake musalole kuikidwa musanajambulidwe ekisile. M'nsagwada ya kumunsiyi mumadutsa mtsempha woti ukakhudzidwa mlomo umachita dzanzi mwina mpaka kalekale, kumtundaku chakumbuyo kuli mphako yolumikizana ndi mphuno. Fupa likachepa amatha kuyamba aliwonjezera, koma dziwani kuti nthawi ndi mtengo zikwera.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pamandidetsa nkhawa kwambiri, ndi nkhama. Ngati mukatsuka mano mukumalavula magazi, kapena mukaluma nzimbe mukumaona kufiira pa chikhungwa, mkamwa mukutuluka fungo, mano ena akugwedera okha, mmenemo muli matenda ndipo tizilombo tomwe tinagwetsa dzino loyamba lija sitinapite kulikonse, tidzadyanso fupa lozungulira kachitsuloko. Chitsulo sichibowoka ngati dzino, eya, koma fupa likatha chimagwedera nkugwa. Chizani nkhama kaye, muzolowere kutsuka kawiri patsiku ndi kuchotsa zotsalira pakati pa mano, kenako mukambe za implant.

Osuta fodya ndikuuzeni mosabisa, bala lanu limachedwa kupola chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika ku nkhama, ndipo ma implant amalephera kwambiri mwa inu kusiyana ndi osasuta. Siyani musanaikitse. A shuga musataye mtima, shuga akakhala kuti akutsika bwino ndi mankhwala zimatheka, vuto ndi uja wongokwera osayezetsa. Chimodzimodzi amene ali pa ma ARV, ngati akumwa mwandondomeko ndipo chitetezo chili bwino palibe chowaletsa.

Ukalamba pawokha si vuto, agogo a zaka 70 athanzi angathe kuikitsa. Ana ndi amene ayenera kudikira mpaka nsagwada zitasiya kukula, cha m'ma 18 kapena kupitirira, chifukwa kachitsulo sikasuntha pamene mano enawo akusuntha, ndiye dzinolo limadzaoneka lolowa mkati. Amayi oyembekezera dikirani muchire kaye. Okukuta mano kutulo nenani, pali kapulasitiki kovala usiku koteteza.

Pali mankhwala ena oti kubisa nkudzipweteka nokha. Olimbitsa mafupa monga alendronate kapena jakisoni wa zoledronate yemwe amapatsa ena odwala khansa angachititse kuti fupa la nsagwada life osapola likabooledwa, chimodzimodzinso amene anawotchedwapo ndi makina a khansa kumutu kapena pakhosi. Akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, anene, koma asasiye okha. Popita kwa dokotala nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala omwe mukumwa, ngakhale azitsamba, muwaike patebulo awaone yekha.