Mmene mungaonere mankhwala odzutsa ubongo akugwira ntchito pa mbewa za mu labu

Inu amene mukuchita pharmacy kapena zaudokotala kuno ku Harare ndipo semesita ino muli ndi practical ya mankhwala odzutsa ubongo, ndati ndikulembereni mchiyankhulo chathu chomwechi, chifukwa manotsi amangokupatsani magirafu koma sakuuzani kuti maso muwayike pati mukayima pa bokosi la mbewa.

Yambani mwamvetsa zomwe mankhwalawo akuchita mkatimo, apo ayi mudzangolemba kuti mbewa inathamanga basi. Caffeine uja wa mu tiyi ndi khofi amakakhala pamalo pomwe pamafikira adenosine, ndipo adenosine ndi amene amachuluka mu ubongo tsiku likamapita n'kutibweretsera tulo, ndiye akasowa pofikira tulo timathawa. Cocaine ndi Ritalin amatseka njira imene dopamine, wonyamula uthenga pakati pa minyewa ya ubongo, amabwerera nayo mu minyewa akamaliza ntchito, choncho amangotsalira panja n'kumagogodabe. Amphetamine yekha ndi woopsa kuposa apa, amalowa yekha mu mnyewa kudzera njira yomweyo n'kukankhira dopamine ndi mnzake noradrenaline kunja mwamphamvu. Anapangidwa koyamba mu 1887 ku Berlin, ndipo m'bale wake methamphetamine ndi mutoriro womwewu umene watha ana athu ku Mbare, ku Highfield ndi ku Epworth, ndiye practical imeneyi musayitenge ngati yongofuna mamakisi.

Palinso gulu lina, strychnine ndi pentylenetetrazol, awa sawonjezera moto koma amachotsa mabuleki a minyewa, omwe ndi glycine ndi GABA, strychnine amatseka glycine mu msana, winayo amatseka GABA, mapeto ake ndi kugwa khunyu. Amenewa ngati dipatimenti ili ndi vidiyo kapena pulogalamu ya pa kompyuta, pemphani zimenezo, ine sindikuona chifukwa choti mbewa ivutike chonchija kuti kalasi ingoonerera chinthu chodziwika kalekale. Asayansi awiri, Russell ndi Burch, analemba mu 1959 kuti pomwe zingatheke nyama isagwiritsidwe ntchito, zikhale zochepa, ndipo ululu uchepe. Chilolezo cha komiti yoona za nyama chikhalepo musanagwire ngakhale mchira.

Tsiku lenilenilo mbewa zifike mu chipinda msanga zikhale kaye pafupifupi ola limodzi, chifukwa mbewa yongonyamulidwa kumene imakhala ndi mantha ndipo mantha okhawo amasintha mayendedwe ake. Yezani iliyonse pa sikelo, zambiri zimakhala pakati pa magalamu 20 ndi 30, ndipo dozi imawerengedwa pa kulemera. Ngati mukubaya 10 ml pa kilogalamu, mbewa ya magalamu 25 ilandire 0.25 ml, werengani kawiri mnzanu awerengenso. Jekeseni nthawi zambiri ndi ya pamimba, mmunsi cha kumbali, mutu mwautsitsa pang'ono kuti matumbo asunthire kutsogolo, ndipo ngati simunabayepo musachite manyazi, a tekinishani akuonetseni kaye.

Gulu limodzi lilandire madzi amchere okha a 0.9%, popanda gululi mulibe choyerekezera, poti jekeseni payokha imadzidzimutsa nyama. Ndipo wowerengayo asadziwe kuti mbewa iti yalandira chiyani, mtima wa munthu umakonda kuona zomwe ukuyembekezera.

Kenako ikani mbewa imodziimodzi mu actophotometer, kabokosi kaja kokhala ndi timizere ta kuwala komwe kamawerenga nthawi iliyonse nyama ikadula mzere, kapena mu bokosi lotseguka lojambulidwa mabokosi pansi, njira imene Calvin Hall anayambitsa cha m'ma 1930. Tengani nambala musanabaye, mutengenso pakapita mphindi 30, nthawi yowerengera ikhale yofanana kwa zonse. Pukutani bokosi mbewa ina isanalowe chifukwa fungo la mkodzo wa inzake liyichititsa kumangonunkhiza pakona. Foni izimitsidwe, macheza panja. Magetsi akathima pakati lembani nthawi yake ndipo ulendo umenewo musauphatikize ndi ena.

Tsono apa ndi pamene ambiri amagwa. Mumaganiza kuti dozi ikakwera nambala nayo ikwera mpaka kalekale, ayi ndithu. Amphetamine wochepa mbewa imayendayenda, kuyimirira ndi miyendo yakumbuyo, kuzungulira bokosi lonse. Akachuluka imasiya kuyenda n'kukakamira malo amodzi, kununkhiza pomwepo mobwerezabwereza, kunyambita, kutafuna waya, mutu kumangogwedera, ndiye makina akupatsani nambala yotsika ngati nyama yafatsa pomwe ubongo wake uli pa moto weniweni. Zimenezi amazitcha stereotypy, ndipo amene anaonapo mnyamata wa mutoriro akumasula wailesi n'kuyimanganso usiku wonse azizindikira msanga. Caffeine nayenso akachuluka kwambiri mayendedwe amatsika. Choncho pambali pa nambala lembani ndi mawu zomwe maso anu akuona, kupuma kwake, kunjenjemera, ubweya ngati wayimirira, malovu.

Chinanso chomwe ndikukupemphani, mukabaya amphetamine musabwezere mbewa zonse mu khola limodzi. Zinadziwika kuyambira m'ma 1940 kuti mbewa zounjikana zimafa ndi dozi imene mbewa yokhala yokha ikanapulumuka nayo, zimadzutsana, thupi limatentha mopyola, ndipo kutentha kwa chipinda kumawonjezera. Ndi dzuwa lathu la mu Okutobala lija nkhani imeneyi si yaing'ono. Iliyonse ikhale payokha, pozizira, madzi ali pafupi, ndipo muziyiyang'ana mpaka mankhwala atsike. Mbewa yomwe yabayidwapo kale musayibwereze gulu lotsatira, chifukwa amphetamine wobwerezabwereza amachititsa kuti dozi yomweyo iyigwire mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo zotsatira za anzanuwo zisokonekera.