Kafukufuku wa zaumoyo asanalowe m'mudzi, khalani pansi ndi eni dera

Chilolezo cha makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC ku Unduna wa Zaumoyo, kapena COMREC ku Kamuzu University of Health Sciences, chimakulolani inu ofufuza kuyamba ntchito, koma sichitsegula chitseko cha nyumba ya munthu. Cholakwika chachikulu n'chakuti ofufuza amafika m'mudzi mapepala atasindikizidwa kale, n'kuitanitsa msonkhano wongodziwitsa. Anthu amaona okha kuti palibe chomwe angasinthe, ndiye amangoomba m'manja n'kumakabwezera mawu kumbali.

Komiti yolangiza ya m'dera ikhazikitsidwe ndondomeko ya kafukufuku isanamalizidwe. Anthu 10 mpaka 15 akwanira. Mfumu isasankhe yokha, mungadzapeze kuti ndi abale okhaokha. Anthu asankhane pabwalo, ndipo m'komitimo mukhale amayi olera ana aang'ono, achinyamata, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo. Awerengereni mafunso onse a kafukufukuyo m'chinenero chawo, anene omwe ali olaula kapena osamveka. Adzakuuzaninso masiku oyenera kupewa: tsiku la msika, nthawi yodzala ndi yopalira, komanso pakagwa maliro.

Nkhani ya magazi ndiyo yofuna kudekha kwambiri. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Mantha amenewo sanathe, ndipo kuwaseka ndi kuwakulitsa. Musangonena kuti "titenga pang'ono". Thirani madzi m'kabotolo komwe mudzagwiritse ntchito, anthu aone kuti mamililita 5 ndi supuni yaing'ono imodzi. Nenani kuti mudzatenga kangati, magaziwo akayezedwa chiyani, akasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati ena adzatumizidwe kunja kwa dziko. Tengani mamembala a komiti akaone labotale ndi maso awo. Ogwira ntchito avale ziphaso zawo, asayende usiku, ndipo asalowe m'mudzi osaperekezedwa ndi munthu wodziwika kumeneko.

Kuvomera kwa mfumu si kuvomera kwa munthu aliyense. Mayi apatsidwe mpata wokakambirana ndi amuna ake kapena mwinimbumba, koma mawu omaliza akhale ake. Wosadziwa kuwerenga amuwerengere chikalata pamaso pa mboni yomwe si ya m'gulu la ofufuza, kenako adinde chala. Mufunseni abwereze m'mawu ake zomwe wamva. Ngati satchula kuti angathe kusiya nthawi iliyonse osataya chithandizo kuchipatala, fotokozaninso. Ndalama yomwe mumapereka muitchule kuti ndi yobwezera ulendo ndi nthawi. Mukalola kuti izitchedwa malipiro, anthu adzati mukugula magazi.

Zotsatira zibwerere komwe zinachokera, ndipo ndalama ya ntchito imeneyi ilembedwe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid, ndipo mu 2023 katemerayu anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Makolo ngati amenewo ayenera kumva zotere pabwalo lomwe lija anafunsidwira chilolezo. Katemera kapena mankhwala akapezeka kuti sakugwira ntchito, pitaninso mukanene, ndipo siyani nambala ya foni yomwe anthu angaimbe kafukufuku atatha.